Mbaula Yanga Inathamangitsa Mudzi

Mpaka lero kwathu kuno kukaphulika chinthu, ngakhale tayala la njinga, anthu amayamba ayang'ana kunyumba kwanga. Sindiwadandaula. Koma imvani mbali yanga.

Tinali titangobwera kumene kuchokera ku Malawi komwe tinathawira nkhondo. Ndinapita ndili kamtsikana, ndinabwera ndi mwana kumbuyo, Luisa. Pamudzi pathu kufupi ndi Massangulo tinapeza tchire lokhalokha. Tinamanga kanyumba kamodzi, kogona momwemo, kophikira momwemo. Itafika nyengo yachisanu, mphepo ya kumapiri kuno inamulowa Luisa m'chifuwa. M'mawa uliwonse ankatsokomola ngati nkhalamba yosuta fodya, ine mtima uli m'mwamba.

Mbaula yathu inali dilamu lodula pakati. Moto ukangozima, chitsulo nacho chazizira. Ndinakumbukira mayi wina wophika mabanzi kumsasa wa othawa nkhondo, uvuni wake wa njerwa unkafunda mpaka kucha. Ndinati basi, ndimanga njerwa kuzungulira mbaula, zizimwa kutentha ndikamaphika, n'kumamufunditsa mwana moto utazima.

Njerwa ndinkatola pabwinja la loja, sitolo ya Mpwitikizi yomwe inapsa pankhondo. Ndinkapita mozemba, kuzikulunga m'nsalu, zina n'kubisa m'udzu. Chifukwa chake? Abiti Saidi.

Abiti Saidi ndi mayi oyandikana nafe. Iwo sanathawe, nkhondo yonse anaithera m'mapiri momwemuno. Koma maso! Ukagula mchere, adziwa. Ukasintha mpango, afunsa. Ife kumsasa tinaphunzira kuti munthu akayamikira ndowa yako, usiku ugone nayo kumutu.

Khoma litafika pakati, njerwa pabwinja paja zinatha. (Wina anali atayamba kutolanso. Ndani? Sindinena.) Ndinatsikira kumtsinje, n'kuvuula miyala yosalala bwino, yobulungira ngati maungu. Ndinaiyala mzere wam'kati, wogundana ndi chitsulo, n'kumata dothi. Zinakongola, ndisaname.

"Odi! Amake Luisa, mukumanga tchalitchi m'nyumba?"

Abiti Saidi anali atalowa kale.

"Ndikungoseweretsa dothi, amayi."

Anawerama, n'kukanda mwala umodzi ndi chala. "Iyi mwaivuula m'madzi?"

"Eya."

"Ichotseni, mwanangu. Mwala wam'madzi sugwirizana ndi moto. Mundipatse ine ndikakhazikepo mtsuko. Njerwa ndikupatsani, ndili nazo kuseri."

Ndili nazo kuseri! Mwamva? Wakuba wadziulula yekha, ndipo tsopano akufunanso miyala yanga. Ndinamwetulira n'kuwaperekeza mpaka pakhomo, maso anga ali pa manja awo.

Nditawauza amuna anga, bambo a Luisa, anati, "Bwanji osangowamvera? Ndi akuluakulu."

"Inunso akudyetsani chiyani?"

Anangotuluka panja.

M'mawa mwake ndinasonkha moto waukulu, wa nkhuni za msuku zouma gwa, kuti dothi liume msanga Abiti Saidi asanabwerenso ndi nzeru zina. Ndinatereka nyemba mumphika wanga wachitsulo, umodzi womwewo umene ndinabwera nawo ku Malawi. Kenako ndinabereka Luisa n'kutuluka kukasesa pabwalo. (Apa pokha ndimati Mulungu ndi wamkulu.)

Phuu!

Ndisanatembenuke, phuu! kachiwiri.

Palibe anafunsa mnzake. Anthu amene anamvapo nkhondo safunsa. Makasu anatayidwa, amayi anatola ana, awo ndi a eni omwe. Agogo ena amene amayenda ndi ndodo anandipitirira, ndodo ataisiya. Bambo a Luisa ankapopa njinga kuseri; ndinangoona fumbi likulowera msewu wa ku Mandimba. Nanga ine? Ndinathawanso! Ndinakagona chafufumimba m'chigwembe, Luisa akulira, ine n'kumauza anzanga monong'ona kuti, "Abweranso, abweranso." Mwini bomba, kutsogolera mantha.

Patapita kanthawi tinamva mawu kumudzi.

"Tulukani inu! Mfuti ndimaidziwa ine, sinunkha nyemba! Ndi miyala ya amake Luisa!"

Anali Abiti Saidi, ndowa ili m'manja. Iwo okha ndi amene sanathawe. Anathamangira kunyumba kwanga n'kuzimitsa udzu wa padenga umene unayamba kuyaka.

Ulendo wochoka m'chigwembe kufika pakhomo panga ndi waufupi, koma tsiku limenelo unatalika kuposa wochokera ku Malawi. Mudzi wonse unali pambuyo panga. M'nyumba, nyemba zili pakhoma, mphika wapindika kamwa, denga lili ndi chibowo choti mbuzi n'kudutsa. Agogo aja anangoti, "Ndodo yanga mukaifune ndinu."

Bambo a Luisa anatulukira dzuwa litapendeka, thukuta lili kamukamu. Akuti anapita kukationera ngati njira ili bwino. (Nkhani imeneyo sinathe, timaikambabe.)

Nanga mwana wa chifuwa n'kugona pansi pa chibowo? Abiti Saidi anamunyamula Luisa osandifunsa. "Tiyeni kwathu." Nditalowa m'nyumba mwawo ndinangoti kukamwa yasa. Mbaula yawo inali itamangiridwa njerwa mozungulira, ndendende maganizo anga, m'nyumba muli mofunda ngati m'khwapa mwa nkhuku. Tinagona komweko mpaka denga litafoleredwa, ndipo chifuwa cha Luisa chinathera momwemo. Pambuyo pake anandithandiza kumanganso yanga, ndi njerwa zokhazokha, n'kuisiya iume bwino tisanasonkhe moto.

Ndiye ndinaphunzira. Mwala wam'madzi sindiuyandikitsanso kumoto, ndipo munthu akakuchenjeza, si nthawi zonse pamene akufuna chako. Abiti Saidi pano ndimawatcha amayi anga, ndi mtima wonse.

Kungoti pa mbaula yawo, mzere wapansi chakumanzere, pali njerwa ina ya penti wobiriwira pakona. Njerwa imeneyo ndinaibisa ndekha m'udzu. Sindinanene kanthu. Ndikapita kukaotha, ndimangokhala moyang'anana nayo.