Ulusi Wanga ndi Galimoto ya Che Jafali

Amene akuti ndikunama akwere basi apite pa Ntaja, akafunse kuseri kwa msika za mkazi amene anawongola galimoto ndi ulusi wolukira juzi, mwana ali kumsana. Mkaziyo ndine. Sukulu ndinalekezera sitandade fili, koma maso anga sindinawasiye m'kalasi.

Tinkachita lendi nyumba imodzi ndi Che Jafali, dalaivala wa matola, ndi akazi awo Abiti Yusufu. Chotilekanitsa chinali khoma la bango lomata dothi, lopyapyala moti iwo akamakazinga tsabola woyetsemula ndinali ine. Lachinayi lina m'mawa ndikusambitsa mwana ndinamva mawu a Abiti:

"Inu Che Jafali, anakutumani ndani kuchotsa masipuling'i?"

"Simudziwa za galimoto inu. Ya mwini sitolo uja wa ku Balaka imakhala pansi ngati bwana."

"Yanuyi yakhala pansi ngati bakha wodwala. Loweruka mukunyamula amayi a chipani kukavina ku Balaka. Ikakhotera nawo kumalire mukafotokozera yani? Moto muno sindikoleza mpaka iyende mowongoka. Zolowerani njala, kundendeko saphika mpunga."

Abiti sankaseka. Masiku amenewo chinthu chokana kutsata mzere, kaya ndi munthu kaya ndi chitsulo, ankachifunsa mafunso.

Chimene Che Jafali anachita ndi ichi: kumbuyo anasolola masipuling'i awiri mbali iliyonse, akutsogolo anawafupikitsa ndi sowo. Galimoto inatsikadi, wallahi ndikulumbira, inatsika mpaka nyerere zinkawerama ikamadutsa, koma matayala akutsogolo anatangadza m'munsi, m'mwamba n'kuweramirana ngati amayi awiri apamjigo akudya miseche, ndipo chiwongolero ukachiuza kuti Liwonde, galimoto inkayankha kuti Nayuchi. Mukumva? Tsiku lina ananyamuka m'mawa ndi anthu ndi matumba a thonje, galimoto ikukokera kumanzere, iwo akulimbana nayo, iyo ikukokerabe, ikuyenda chammbali ngati nkhanu, masana n'kutulukira pa Ntaja pomwepo kuchokera cha ku Nselema, anyamata a chipani apamsika n'kufunsanso makadi anthu omwe aja anawaona m'mawa. Mimba ya galimotoyo inkapala msewu n'kusiya mizere yabwinobwino moti amayi ena anabzalamo chinangwa. Matayala ankadyeka mkati mokha, mphira n'kumatsala pamsewu ngati lamba, amuna n'kumamatula kusokera nsapato, koma aliyense wovala nsapatozo ankayendanso chokhotera kumanzere, mpaka shehe wina popita kumzikiti anakapezeka atakhala pabenchi m'tchalitchi.

Amakaniko atatu anaigona pansi, anatuluka ndi mafuta kumaso basi. Ine mwana sakugona chifukwa cha phokoso la kuseri, ndiye Lachisanu ndinati iyayi, zakwana. Kumunda mzere ukakhota timakoka chingwe, nanga galimoto ndi ndani kuti ikane chingwe? Ndinaphwasula mkono wa juzi la mwana, ndinamanga ulusi kutayala lakumbuyo, ndinaukoka kudutsa lakutsogolo, uku ndi uku, ndipo ulusi unaulula zonse: pano mpata wa zala zinayi, apo palibe ndi chimodzi chomwe. Jeke anali wothyoka, ndiye ndinalowetsa bondo pansi n'kuinyamula galimoto yonse, matumba atatu a thonje ali momwemo, sipanala itakana ndinamasula manati ndi chipande, limodzi louma ndi dzimbiri ndinachita kuliluma, kenako ndinagwira tayala lililonse m'makutu ngati mwana wokana kusamba n'kulipotoza mpaka linapsompsona ulusi. Mwana anali atagona kumsana, sanadzuke n'komwe. Mukumva?

Loweruka amayi anakwera, nsalu za chipani zili mbee, ine ndili kutsogolo ndi mwana. Galimoto inawongoka mopitirira muyeso, inayamba kukana makona, msewu ukakhota iyo inkangolunjika kutsogolo, m'minda, m'madambo, pa Liwonde mlatho inausiya kumbali n'kuwoloka Shire pamisana pa mvuu, ndipo tinafika ku Balaka phokoso la injini lisanafike, tinachita kulidikira pansi pa mtengo wa mango. Pobwerera inakananso kutembenuka, amayi anachita kuinyamula n'kuiloza kwathu, nyimbo ili pakamwa. Palibe amene anafunsidwa funso, palibe amene anatengedwa.

Alipo ena amakonda kunena kuti mchimwene wa Abiti, makaniko wa ku Balaka, anabwera Lachisanu lomwelo ndi masipuling'i ena akutsogolo. Anabweradi. Amatinso akumbuyo anayi aja anawapeza m'khitchini mwanga, nditawasandutsa mafuwa kuyambira tsiku limene Che Jafali anawataya kuseri. Anali mafuwa abwino, sindikana, ndipo powabweza ndinadandaula. Kuti iye ndiye anawamangirira n'kupotoza tizitsulo ta kuseri kwa matayala, chabwino, anthu ali ndi pakamwa. Koma muwafunse ulusi umene anayezera unali wa yani. Juzi lija ndikadali nalo, la mkono umodzi, bwerani mudzaligwire.

Madzulo a Loweruka lomwelo, dzuwa likadalipo, utsi unadutsa m'bango muja, kenako fungo la mpunga ndi matemba. Ndinamva beseni likugunda pansi.

"Sambani m'manja, abwana," anatero Abiti.

"Nanga mpando wanga uli kuti?"

"Ndaudula miyendo. Si paja mumakonda zokhala pansi?"

 Ndinangomva mphasa ikulira, kenako mbale, awiriwo akudya.