Mlandu wa Mazira Asanu ndi Awiri

Kalekale, nyama za m'nkhalango ya Kadyansonga zinkaweruza milandu patsinde pa mkuyu, ndipo mlandu unkatha dzuwa lisanafike paliwombo. Wakuba ankatchedwa wakuba, n'kubweza zimene waba, basi. Koma chaka china Nyani anapita kukaba chimanga kwa anthu, n'kubwerako ndi zinthu ziwiri zimene anatola padzala: wigi yoyera ya jaji, yobooledwa ndi njenjete pakati, ndi kabuku kothothoka masamba ka mawu a Chingerezi a zamalamulo.

Mfumu Mkango ataziona anakondwa. Kuwerenga sankadziwa, koma ankadziwa kuti nyama zimaopa zimene sizikuzimva.

"Ana anga," anatero pamsonkhano, "kuyambira lero chilungamo chisefukira ngati mtsinje m'dzinja. Aliyense amwa mpaka kukhuta! Tatopa n'kuweruza milandu ngati nyama zakutchire."

"Nanga si ndifedi nyama zakutchire?" Njiri anang'ung'udza, koma anzake anali atayamba kale kuwomba m'manja.

Nyani anakhala jaji, Fisi anakhala loya, ndipo patsinde pa mkuyu paja panasanduka khoti. Lamulo loyamba limene Nyani anakhazikitsa linali lakuti jaji savula wigi, kaya pogona kaya posamba, chifukwa jaji wopanda wigi ndi nyani wamba.

Tsono kunali Mayi Nkhanga. Iwowa anaikira mazira asanu ndi awiri n'kuwafungatira milungu itatu, ndipo panangotsala masiku asanu kuti aswe. Tsiku lina pochokera kukamwa madzi anapeza Ng'azi akukunkhunizira mazirawo kuuna kwake, masanasana, theka la nkhalango likuonerera. Anakuwa, nyama zinam'gwira Ng'aziyo, ndipo onse anapita kukhoti ndi mazira omwe.

"Bwana Jaji, mazira anga ndi awo," anatero Mayi Nkhanga. "Ng'azi wandibera. Ndipatseni ndikawafungatire, akuzizira."

"Oda!" Nyani anakuwa akumenya chitsa ndi chitsononkho. "Mayi, pano si pamtondo. A Loya, tawaphunzitsani."

Fisi anatsokomola, n'kutsegula kabuku kaja chozondotsa. "Choyamba, mayi, awa si mazira, ndi ekizibiti. Ekizibiti ndi chinthu chanu chimene khoti limakusungirani kufikira mutachiiwala. Chachiwiri, a Ng'aziwa si akuba, ndi sasipekiti. Sasipekiti ndi amene aliyense anamuona akuba, kupatula khoti."

"Chabwino, bambo. Ndiye ekizibitiyo ndingayikhalire pang'ono pomwe pano?"

"Objekishoni!" Fisi anadumpha. "Mwamva, Wolemekezeka? Akufuna kukhalira umboni!"

"Kesi ajanedi!" Nyani anagamula. Nyama zinayang'anizana mwaulemu, mpaka Fisi anazimasulira kuti mawu akuluwo akutanthauza kuti mubwere mawa.

Ng'azi anapatsidwa belo, ndiko kuti anachoka akugwedeza mchira. Mwini mazira ndiye anatsala panja pa khoti, akufungatira kamwala kobulungira, poti thupi linali litazolowera. Zinali zomvetsa chisoni, koma palibe amene anayankhula, kuopa kuyankhidwa m'Chingerezi.

Masana omwewo jaji, loya ndi sasipekiti anakumana kuseri kwa chulu kuti aunike umboni. Anauunikadi mosamala, aliyense n'kumeza mazira awiri. Koma mazira asanu ndi awiri sagawika bwino kwa akuba atatu. Fisi ndi Ng'azi ali mkati mokangana za lotsalalo, Nyani analitola n'kulibisa m'wigi, kenaka nayenso anayamba kulifunafuna m'maudzu, akudandaula kuposa onse.

Nyani ankafuna kuti akalidye payekha, koma mphuno ya Fisi sinamizika. Kulikonse kumene jaji wapita, loya anali pambuyo akununkhiza. Kuvula wigi Nyani sakanatha, poti lamulo analipanga yekha. Choncho anayenda masiku anayi khosi lili njo, ndipo nyama zinkati, "Taonani mmene maphunziro amalemerera m'mutu."

Mlandu unkangoimitsidwa. Tsiku loyamba akuti fayilo yadyedwa ndi chiswe. Lachiwiri akuti chiswecho chikufufuzidwa. Lachitatu loya anapita kumaliro, jaji n'kumuperekeza mokakamizidwa, ndipo palibe anafunsa kuti Fisi kumaliro amakatani. Mayi Nkhanga ankafika m'mawa uliwonse atawerenga masiku, n'kubwerera pakamwala kawo.

Tsiku lachisanu kunali chigamulo, ndipo Mfumu Mkango anabwera yekha kudzaona mtsinje wa chilungamo uja. Nyani anaimirira pang'onopang'ono, osapendeketsa mutu.

"Khoti lafufuza mozama," anayamba, "ndipo lapeza kuti ekizibiti palibe. Popanda ekizibiti, umboni palibe. Popanda umboni, mazirawo sanakhaleko n'komwe. Choncho a Ng'azi alibe mlandu, ndipo inu mayi muyankha mlandu wonamiza khoti kuti munaikira."

"Ndinaikira ndine, ululu wake ndinaumva ndine!" Mayi Nkhanga analira. "Mukundiuza kuti ana anga sanakhaleko?"

"Kontemputi!" Fisi anakuwa. "Ndiko kuti mwanena zoona mopanda chilolezo."

Pomwepo panamveka kamawu kakang'ono: tsiyo, tsiyo.

"Oda! Akusokosayo ndani?" Nyani anafunsa.

Tsiyo, tsiyo. Wigi inayamba kugwedezeka yokha. Nyani anayesa kutsokomola mokweza kuti aphimbe phokosolo, kenaka anayamba kuimba nyimbo ya fuko la nyama. Koma pabowo lija la njenjete panatuluka kamlomo, kenaka kamutu konyowa kovala kachigoba. Masiku onsewo wolemekezeka anali akufungatira dzira bwino kuposa thadzi.

Kamwanako kanayang'ana uku ndi uku, n'kuitana, "Amayi!"

Mawu amenewo nyama zonse zinawamva popanda womasulira.

"Objekishoni!" Fisi anatero. "Ekizibiti siloledwa kuyankhula!"

Njiri anaimirira, ulendo uno osang'ung'udza. "A Loya, tithandizeni ife osaphunzira. Jaji akapezeka ndi dzira la mwini wake pamutu, pa Chingerezi mumati chiyani?"

Fisi anatembenuza masamba, kunyambita chala, kutembenuzanso. "Tsamba limenelo linathothoka."

"Kwathu kuno timati kuba," anatero Mayi Nkhanga. Anauluka n'kutsomphola wigi ndi mwana yemwe, ndipo pachitsa panatsala mutu wazigobazigoba.

"Lamulo loyamba lija limati bwanji?" Njiri anafunsa khamulo.

"Jaji wopanda wigi ndi nyani wamba!" nyama zinayankha pamodzi, ndipo nyani wamba zinkadziwa bwino kumuthamangitsa. Fisi ndi Ng'azi sanadikire belo. Mkango anakwera pachitsa n'kulengeza kuti wakhumudwa kwambiri ndipo akhazikitsa komiti yofufuza, koma ankauza fumbi lokha.

Wigi ija Mayi Nkhanga anayala m'chisa, ndipo inagwira ntchito yabwino kwa nthawi yoyamba. Nyama zinabwera kudzaona mwana, zikuseka mpaka nthiti kuwawa, ndipo Njiri anati dzina lake likhale Ekizibiti.

Mayi Nkhanga sanaseke. Anakokera mwanayo pansi pa phiko lawo, pamalo pamene pakanakwana asanu ndi awiri.

"Ayi, achimwene," anatero. "Uyu ndi mwana. Asanu ndi mmodzi aja nawonso anali ana."