Mlamba Wosaphika

Nkhani iyi ana anga saidziwa, ndipo mukakumana nawo musawauze. Ndi yamanyazi, koma onse amene anaiona ndi maso anatsogola, ndiye ndiinene ndekha.

Munali mu 1969. Ndinali nditamaliza kwarta kalasi, kalasi yachinayi, kumishoni, ndikugwira ntchito ku Ulongwe m'kantina, sitolo ya Mpwitikizi wina amene tinkamutcha Sinyolo. Matama okha ndinali nawo. Chilichonse chimene Sinyolo uja ankachita, kwa ine chinali chitukuko, ngakhale kutsokomola kwake.

Loweruka lililonse iye ankatenga bakayawo, nsomba ya kwawo, kumunyotsola ndi zala, kuthira anyezi ndi mafuta, n'kudya chomwecho osaika pamoto. Ine ndikusuzumira pakhomo ndinati mumtima, kani anthu ophunzira nsomba saphika.

Nthawi imeneyo n'kuti nditatomera Rozina, wa mudzi wina kufupi ndi Lifidzi. Ukwati wa kutchalitchi unali woti uchitike tikakolola, koma ndinayenera kuyamba ndaonetsa mphamvu m'munda mwa makolo ake, monga mkamwini aliyense. Mayi ake, Anaphiri, ankatsuka ziwiya pachipatala cha mishoni. Monga mwa mwambo, ine ndi apongozi angawo sitinkayang'anana. Tikakumana panjira wina ankapatukira kutchire, ndipo mawu onse ankadzera mwa Rozina.

Tsiku lina ndili kumudziko, alamu anga anabwera ndi milamba ya kudambo. M'malo mokhala phee ngati mlendo, ndinapempha umodzi, mpeni ndi anyezi. Ndinaucheka timagawo, kufinyira ndimu, n'kuyamba kudya pakhonde anthu akuona. Rozina anandichonderera kuti angouwamba pang'ono. Ndinamuyankha mokweza kuti zowamba nsomba ndi za anthu osapita kusukulu. Anangozyolika, pakuti iye kusukulu anangopitako chaka chimodzi.

Kunena zoona, mlambawo unkanunkha thope, koma ndinameza. Ndinadzabwerezanso katatu konse kuti asamati ndinkangoyerekeza.

Mvula itayandikira ndinasiya kantina kuti ndikalime. Apa ndi pamene zinthu zinatembenuka. Mbale ya kachewere ndi nyemba yokwanira anthu atatu ndinkaimaliza ndekha, koma thupi linkangotha. Kumunda, mizere iwiri yokha, mutu waa, ndakhala kale pachulu. Akamwini anzanga m'minda yoyandikana akuimba nyimbo, ine ndikuwerenga nyerere.

Mudzi unayamba kulankhula. Ena ankati ndi ulesi wa anthu a m'kantina, ena ankati ndili ndi nthenda yobisa. Potsiriza atsibweni ake a Rozina anandiitana pansi pa mtengo wa pichesi. Sanakalipe ayi. Anangoti munda ukapanda kutha Khirisimasi isanafike, ndinyamule mphasa yanga ndibwerere kwathu, chifukwa mwana wawo sangakwatiwe ndi pakamwa popanda manja.

Ndinachita mantha enieni. Rozina ndinkamukonda, ndipo sindinkadziwa chimene chinkandidya.

M'mawa wina ndili kuchimbudzi ndinaona chinthu choyera, chaphanthiphanthi ngati lamba wa diresi. Ndinachiyang'ana, ndipo chinagwedezeka. Sindinauze munthu. Ndinathamangira kuchipatala, ndikupemphera njira yonse kuti Anaphiri akhale atapita kuchigayo.

Enfermeru, namwino wa pachipatalapo, bambo wachikulire wa ku Kalomwe, anamva nkhani yanga osadabwa. Anati ndi njoka ya m'mimba. Anandiuza kuti ndigone ndi njala, ndibwere mawa. Mawa lakelo anandimwetsa mankhwala owawa, nandipatsa beseni, n'kunditsekera kuseri kwa katani. Anati zonse zigwere m'besenimo chifukwa ankafuna kuona ngati mutu wake watuluka.

Zimene zinatuluka, abale, ndilibe mawu. Atachitambasula ndi kamtengo, chinayambira pakhomo mpaka kupitirira mwendo wa bedi. Anandifunsa ngati ndinadya nkhumba yosapsa. Ndinakana. Ng'ombe? Ndinakananso. Kenaka kunja kwa katani kunamveka mawu amene ndinkawadziwa bwino.

"Afunseni za mlamba."

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndinafotokoza zonse, za Sinyolo ndi za bakayawo, maso ali pansi. Enfermeru anandifunsa kuti kodi bakayawoyo amafika bwanji m'kantina. Ndinati amabwera m'mabokosi, wouma gwa ngati thabwa, mchere uli mbuu. Anandifunsanso ngati mlamba wanga uja unagonapo mumchere ngakhale tsiku limodzi. Nsomba imene ndinkaigulitsa ndi manja angawa tsiku ndi tsiku, sindinaganizepo chifukwa chake ankaiumitsa choncho.

Ndiye katani inatseguka. Wodzatenga beseni anali Anaphiri. Ine ndinadzifunda kumutu ndi jekete, mwambo ndi manyazi zitagwirizana. Munthu amene sankayenera kuona ngakhale mano anga ndikudya, tsopano anali ataona za m'kati mwanga zonse. Ndinadziwa kuti ukwati watha. Ndinakumbukira mmene ndinanyozera mwana wawo pakhonde paja, ndipo zinandipweteka kuposa mankhwala.

 Anaphiri anatembenukira kukhoma, poti sakanalankhula nane mwachindunji, nauza enfermeru mofatsa.

"Muwauze bambowa kuti ukwati ulipo, atsibweni ake a Rozina ndikalankhula nawo ndine. Ife timadabwa kuti nyemba zikutha bwanji munda osatha. Kani timadyetsa akamwini awiri, khasu limodzi. Waulesiyu ndi amene ndikukamutaya. Winayo mawa alawire kumunda."

Ndinalawiradi, ndipo munda unatha Khirisimasi isanafike. Zaka makumi anayi zimene ndinakhala ndi Rozina, akaika nsomba patebulo ankandifunsa ndi nkhope yaulemu ngati yapsa mokwanira munthu wophunzira.

Ukaona mzungu akudya chachilendo, usanatsegule pakamwa yamba wafunsa kukhitchini.