Tsiku lomwe ndinakokera boti la a Patrau kumtunda

Anzanga, ine ndinabadwira pamchenga ku Cobue, ndipo kupalasa bwato ndinakudziwa ndisanayambe n'komwe sukulu. Ndiye mlamu wanga a Mikaeli atabwera kudzandiuza kuti abwana awo akufuna munthu wothandiza pa boti lawo la thanga, ndinangoti ntchito ndiye yapezeka basi. Abwanawo, omwe tonse tinkangowatchula kuti a Patrau, anali a ku Nampula, ndipo ankayendayenda panyanja ndi akazi awo, a Dona, kungosangalala. Anati andiyese ulendo umodzi, kuchokera kwathu mpaka ku Chiwanga, ndipo akakhutira nane, ntchito ndi yanga. A Mikaeli anandichonderera kuti ndisawachititse manyazi, poti anali atandichemerera kwambiri. Ine ndinaseka. Manyazi panyanja, ine?

Tsiku lachitatu tinafika ku Chiwanga, pamalo omwe eni ake amati marina, pogona maboti a anthu olemera. Panali mlatho wamatabwa wolowa m'madzi, maboti anayi atamangidwa pamenepo. Ndinayang'ana uku ndi uku, boti lokhala pamtunda panalibe ngakhale limodzi. Mumtima ndinangoti anthu opeza bwino ndi aulesi ndithu.

M'mawa mwake a Patrau ndi a Mikaeli anakwera njinga yamoto kupita ku Metangula kukadindisa mapepala a boti. Ine anandisiyira mawu amodzi okha, akuti ndilisamale. A Dona ndinawaona akulowera kumtunda ndi thawulo paphewa, koma kubwerera kwawo sindinakuone.

Masana ndithu ndikuyang'ana kumunsi kwa nyanja, ndinaona madzi ayamba kuda, timafunde toyera tikuthamanga. Mphepo ya mwera! Kwathu ngakhale munthu woledzera amadziwa chochita akaona zimenezi: chilichonse choyandama chimakokeredwa kumtunda. Nanga ndikanalisiya boti lodula choncho lizimenyetseka pamatabwa ine ndilipo? Ndinaona kuti mwayi woonetsa nzeru zanga ndi womwewu.

Ndinamasula zingwe zonse, n'kutenga chachitali cha nangula, n'kusambira nacho mpaka kumchenga. Mlonda wa pamalopo anabwera akuthamanga, manja m'mwamba, akuti botilo silichoka m'madzi. Nditamufunsa kwawo anati ku Maniamba. Munthu wa kumapiri, wolima chinangwa, aphunzitse ine za nyanja? Ndinamuuza mwaulemu kuti abwerere kukalondera geti lake.

Asodzi anali pafupi, akusoka maukonde. Mkulu wawo, a Saide, atamva kuti pali boti lofunika kukoka sanafunse zambiri, anangoitana anyamata awo akuluakulu, n'kuyala mitengo yogubuduzira pamchenga. Tinayamba kukoka, nyimbo ili pakamwa, boti likubwera bwinobwino ngati mbuzi yozolowera chingwe. Kenako linangoima, likadali kutali, pomwe madzi amandifika m'khosi.

Apa munthu wanzeru akanadabwa kuti lagwidwa ndi chiyani. Ine ayi. Ndinati n'lolemera chabe, tionjezere manja. Ndinaitana amayi omwe ankayanika usipa pathandala, ndinaimitsa anthu odutsa panjinga, mpaka wogulitsa mandasi anasiya beseni lake n'kugwira chingwe. Funde likalinyamula ife n'kukoka, funde likalinyamula ife n'kukoka, ine ndili patsogolo kulamula ngati kapitawo.

Ndiye linayamba kupendekeka. Mlongoti wa thanga unatsika pang'onopang'ono kuloza ku Metangula, m'kati munamveka mbale ndi mabotolo zikusweka, ndipo nyimbo inathera pakati. Kuchokera pansi pa boti kunatulukira chinthu chomwe sindinachionepo chibadwire: chipsepse chachitsulo, chachitali pafupifupi ngati ine, chitalima mchenga. Ndicho chinaligwira boti lija. Masiku atatu ndakhala ndikugona pamwamba pa chinthu chimenechi osadziwa!

Tisanapume n'komwe, kachitseko ka m'boti kanatseguka, n'kutulukira a Dona akukwawa, tsitsi lili nyankhalala, ufa wa tirigu mbuu kumaso. Anali akugona m'katimo nthawi yonseyi. Anayang'ana khamu lonse lija lili ndi chingwe m'manja, n'kufunsa m'Chipwitikizi kuti walamula zimenezi ndani. Anthu onse, ngakhale wa mandasi, analoza ine.

Njinga yamoto inafika nthawi yomweyo. A Mikaeli anatsika, n'kungokhala pansi pamchenga, manja kumutu.

"Mlamu, mwatani?" anandifunsa.

"Ndimalisamala," ndinayankha, ndipo mpaka lero ndikakumbukira yankho limeneli ndimafuna kulowa pansi.

A Patrau sanakalipe, ndipo chimenecho ndicho chinandiopsa kwambiri. Anabwereka boti la injini la a Saide kuti likokere lathu kwakuya, n'kupempha anthu omwe aja kuti alowe m'madzi akankhe. Tinalimbana nalo mafunde akutimenya kumaso mpaka linayandamanso. Mlonda wa ku Maniamba uja ndiye anamanga zingwe pamlatho. Mwera unawombadi masiku awiri, koma pa maboti onse aja palibe lomwe linakandika ngakhale penti, kupatula lathu.

A Mikaeli anapulumuka atagwada ndi kulumbira kuti ine ndine mlamu wawo wa patali. Ine a Patrau anandigwira chanza, n'kunena kuti ulendo wanga wathera pomwepo.

Ndikunyamula kachikwama kanga kuti ndikasake boti lobwerera kwathu, ndinapeza a Saide akundidikira ndi gulu lawo. Paja kunyanja wokoka nawo boti sachoka chimanjamanja, amapatsidwako ndiwo.

"Achimwene, ife takoka duwas vezes," anatero akuonetsa zala ziwiri, "kutulutsa ndi kubwezera. Ndiwo zathu zili kuti?"

Ndinawapatsa nsomba zowamba zomwe mayi a kunyumba anandimangira ngati kamba wa paulendo, n'kukwera boti la makala ntchito ndilibe, m'mimba muli pululu. Kuyambira tsiku limenelo, boti la munthu sindiligwira chingwe ndisanamire kukaona chomwe labisa kumimba.