Nthambi Pamsewu wa ku Chipata

Lolemba

Wonena ndine, wolemba ndi Misozi. Ndamuuza alembe zimene ndanena, osati zimene iye akuganiza.

Ana anga, kuti zidziwike:

Lazaro, woyamba. Dalaivala wa basi yaikulu ya Lusaka mpaka Chipata. Amavala tayi.
Aginesi. Nasi ku Kabwe. Jekeseni yake sumva kuwawa, amatero anthu.
Petulo. Kalipentala ku Kafue. Mipando yake amakhalira mabwana.
Misozi, chitsiriza. Giredi 9, ndipo dzanja lake ndi ili mukuliona.

Ine sukulu ndinalekera Sabu B, koma onsewa ndawalera ndi khasu.

Tsopano nkhani. Nyumba ili kuno, chitsime chili tsidya. Pakati pali tala, ndi chikwangwani cholembedwa 100, pomwe msewu utsetsereka phiri n'kukhota. Amene anachiika ndi munthu wophunzira kwambiri. Anayeza phiri, anayeza khona, anangoiwala kuyeza maondo a mkazi wanga.

Lero Amake Lazaro akuwoloka ndi ndowa pamutu, lole ya ku Malawi vuu! Mphepo yake yokha yawagwetsera mu ngalande. Bondo lasupuka, ndowa yaphwanyika pakamwa. Dalaivala waimba hutala, mwina kupereka moni.

Ndalumbira: pofika Lamulungu, magalimoto azidutsa pano ngati akwati.

Lachiwiri

Jekete, chipewa, njinga. Ulendo kwa ba Khansala ku Rufunsa.

Andilandira bwino, ine ndi mtedza wanga. Mayankho awo:

"Madala, uwu ndi msewu wa dziko lonse, si njira ya kudimba kwanu."
"Handiredi ndi malire chabe, sitikakamiza munthu kufikapo."
"Tidzalemba ku Lusaka."

Zikomo kwambiri! Madalaivala sanauzidwe kuti ndi malire. Iwo amayesa ndi poyambira. Ndafunsa kuti Lusaka imayankha liti. Akuti Lusaka ili ndi zambiri. Mtedza atha ndili pomwepo.

Lachitatu

Boma likuchedwa, ndiye boma ndine. Ndaima m'mbali mwa tala ndi jekete yomweyo, dzanja likukwera ndi kutsika monga achitira apolisi.

Zotsatira:

Minibasi yaima! Mtima wanga mbee. Kondakitala wandigwira mkono: "Lusaka, mudala? Malo aliko, kwerani!" Mwendo umodzi unali utalowa kale.
Lole ya mafuta yandithira fumbi m'kamwa.
Galimoto ya boma, yolembedwa pachitseko, yapitirira onse.
Basi ya Lazaro. Wandiphethirira magetsi, kondakitala wake waponya buledi pawindo. Buledi wakatera kutali, kwa ba Mwanza, oyandikana nafe.

Ndisaname, mwana amayendetsa. Momwe wapitirira lole ija pakhona, ngakhale azungu sangathe. Misozi akuti ndikudzitsutsa. Ndamuuza alembe chabe.

Amake Lazaro adikira m'mbali mwa msewu mpaka dzuwa kuwotcha, kenaka awoloka chotsimphina. Ine ndayang'ana kumbali.

Lachinayi

Nzeru yabwera m'mawa ndikusukusula. Pa msewu uno chinthu chimodzi chokha dalaivala amachiopa: nthambi zaziwisi pa tala. Akaziona amadziwa kuti kutsogolo kwafa galimoto kapena kwafa munthu.

Nkhwangwa! Mtengo wa mango watsala theka. Ndayala nthambi kuyambira paphiri mpaka pakhona.

Zatheka! Malole akukwawa ngati nkhono. Madalaivala akuvula zipewa. Minibasi ina yazimitsa wailesi. Amake Lazaro awoloka mwaufumu, ndowa yodzaza, osataya dontho. Kuthokoza kwake: "Atate a Lazaro, mukuitana tsoka." Akazi ndi otero, munthu ukapambana.

Masana ndagona pang'ono, msana ukuwawa. Misozi ali kuchigayo, amake abwerera kuchitsime. Ndadzidzimuka ndi kulira pakhomo. Ndasuzumira: azimayi atandika zitenje pabwalo, azibambo akukoka chipika cha moto. Ba Mwanza akufotokozera anthu kuti dzulo anandiona ndikugwedeza dzanja pamsewu, "anali kutsanzika, ife osadziwa."

Ndatuluka. Mayi wina wathawa kusiya patapata.

"Nanga wafa ndani?"
"Palibe."
"Ndiye ife tibwerere chabe?"

Sanabwerere.

Lachisanu

Nkhani yoti ndafa yakwera basi. Nkhani yoti ndili moyo ikubwera pansi, ikupuma m'mithunzi.

Afika:

Achibale a ku Shikabeta, pa njinga, miyendo yotupa.
Kwaya ya ku tchalitchi, nyimbo atakonzekera kale. Akuti n'zosatheka kuzibweza, aimba.
Mng'ono wanga Yohane, amene sanapondepo pano chikwatire Petulo. Walira mofulumira, kenaka ndamupeza akuyesa mabuleki a njinga yanga. Pulawo waiyang'ananso pansi.

Munthu wabwera kudzakulira sungamubweze ndi njala, ngakhale uli moyo. Mbuzi yapita. Nkhuku zatsala zothamanga zokha. Nkhokwe yatsika. Ndipo anthu onsewa akumwa madzi, akusamba madzi. Madzi ali kuti? Tsidya! Amake Lazaro ndi Misozi lero awoloka kuposa sabata lonse.

Madzulo wapolisi watsika pa lole. "Madala, maliro abodza pa msewu wa boma ndi mlandu." Ndamufunsa ngati kugwetsa nkhalamba mu ngalande si mlandu. Akuti adzalemba ku Lusaka. Nthambi ndachotsa ndekha, iye akudya chiwindi cha mbuzi yanga.

Magalimoto abwerera pa handiredi, ndi kabasela pamwamba.

Loweruka

Basi ya Lazaro yaima pakhomo, koyamba chiyambire ntchito. Mkati Aginesi ndi Petulo, pamwamba pake bokosi. La matabwa a mukwa! Petulo walipala yekha, zogwirira zonyezimira. Okwera onse atulutsa mitu pawindo kuona womwalira atakhala pampando akusenda chimanga.

Aginesi, maso otupa, wandigwira pamkono kumva mtima. "Atate, muli bwino kuposa ine." Kenaka wandikalipira ngati wodwala wothawa mankhwala.

Petulo akuti bokosi silibwerera. Ndalowamo kuyesa. Mwana amadziwa ntchito, ngakhale mapewa sakuthina. Tisungiramo mtedza.

Lazaro: "Atate, nditamva sindinaponde buleki kuchokera pa Chongwe!" Akuyembekeza ndimuyamike. Ndamuuza za 100. Akuti iye akayenda pang'ono basi ina imatenga anthu a pa Luangwa, bwana amamulanda makiyi, ndipo okwera omwe amakuwa, "Dalaivala, tikuperekeza maliro?"

Amake amuonetsa bondo, amupatsa ndowa.

Wapita ndi tayi yake. Kubwerera, waima m'mbali mwa tala, ndowa m'manja. Lole. Minibasi. Lole ina. Waika phazi, wabweza. Okwera basi yake akumulangiza pawindo: "Wolokani manje! Iyayi, imani! Manje!" Wathamanga, vuu galimoto kumsana kwake, wafika ndi madzi a m'kapu, thalauza lonyowa. Waika ndowa pansi, wakwera. Basi yake yanyamuka pang'onopang'ono mpaka pakhona. Kuseri kwa khona ndamva injini ikusintha mawu.

Lamulungu

Ku tchalitchi abambo alalikira za bodza. Sanatchule dzina. Mpingo wonse wandithandiza kumvetsa potembenuka kundiyang'ana.

Zatsala:

Chikwangwani, chili bwinobwino, chikuti 100.
Mango theka.
Bokosi limodzi.
Yohane, akuti apumeko masiku angapo.

Ba Mwanza akuti madalaivala adziwa tsopano, nthambi za pano sadzazikhulupiriranso. Tsiku ndidzafedi adzadutsa ndi wailesi.

Amake Lazaro alankhula tikubwera ku tchalitchi, ndipo nkhani yatha: "Msewu simungausunthe, atate a Lazaro. Sunthani chitsime." Ndinali nditaganiza kale zimenezi, Misozi alembe choncho. Kuseri kwa nthochi, mbali ino, dothi limakhala lonyowa ngakhale m'chilimwe. Kufikira chitsime chatsopano chitakumbidwa, ndowa ndisenza ndine, anthu aseke.

Choncho ndikulengeza. Loweruka loyamba la Okutobala, ana anga onse pakhomo pano, ndi akazi awo, amuna awo, piki, fosholo ndi chingwe. Nasi akumba, kalipentala akumba, wa tayi alowa pansi woyamba. Kwaya isauzidwe.

Wofika mochedwa sindidzamukalipira. Bwerani pang'onopang'ono.