Sabata Imene Ndinapha Mpingo Wonse

Lolemba

Seva yayaka. Ndi kompyuta yakale imene mpingo unapatsidwa, ndaiika pansi pa tebulo mu ofesi ya abusa, pambali pa katoni ya mabuku a nyimbo. Mayina a akhristu athu onse alowamo, m'kaundula wotchedwa detabesi: obatizidwa, okwatira, omwalira. Miyezi itatu ndikutaipa, ine mlembi wa mpingo. Pulani ya sabata ino:

- kuika kapulogalamu koyang'anira seva, kondiuza ikadwala
- kuphunzira kupanga bakapu, kuti zinthu zikasokonekera ndizibweze mmene zinalili
- Lamulungu kuonetsa akulu a mpingo, kenako kupempha abusa kalata yondichitira umboni

Kalatayo ndipita nayo ku Lusaka. Ndikudziona kale m'chipinda chozizira cha maseva, nditavala juzi mu Okutobala, timagetsi tikuphethira ngati ziphaniphani. Pachitseko palembedwa kuti woyang'anira detabesi. Kuno thukuta likudonthera pa kiyibodi.

Lachiwiri

Kapulogalamu kakugwira. Pa sikirini pali mizere itatu, yonse yobiriwira, kutanthauza kuti zonse zili bwino. Ndaiyang'ana ola lathunthu. Umodzi ukukwera ndi kutsika pang'onopang'ono ngati mimba ya khanda lili m'tulo. Sitima ya katundu yadutsa, mawindo anjenjemera, seva osatekeseka. Bakapu mawa masana. Lero ndingosangalala.

Lachitatu

M'mawa abusa asuzumira: "Ba Mwale a ku Nangongwe tinawaika Loweruka. Mulembe." Ntchito ya mzere umodzi. Ndikulemba lamulo loti womwalira, koma maganizo akwera kale minibasi, mpando wa pawindo, tikudutsa minda ya ku Shimabala. Ndadina. Ndaiwala kuuza makina kuti womwalirayo ndi ndani. Makina sanafunse. Amwalira onse: kwaya, amayi a chigwirizano, abusa, ine ndemwe.

Ndayang'ana kapulogalamu. Kobiriwira. Akuti seva ili bwino.

Lachinayi

Sindinauze munthu. Wabwera Chisomo wa mu kwaya, ukwati wake ndi mkucha, akufuna kalata ya ubatizo. Pulinta yatulutsa: Malemu Chisomo Daka. Wawerenga kawiri, wandiyang'ana. "Ba mlembi, ninafa liti ine?" Ndamulembera ina pamanja.

Masana nzeru yabwera yokha. Ngati ndinapha onse ndi mzere umodzi, ndiwadzutsa onse ndi mzere umodzi. Ndadina. Aliyense wamoyo! Ndadya nshima ndi kapenta mtima uli m'malo. Tsiku lina ku intaviyu adzandifunsa za vuto lalikulu limene ndinathetsapo, ndipo ndidzayamba ndamwetulira.

Lachisanu

Ndasindikiza mndandanda wa abambo onyamula mabenchi pa ukwati. Makina amasankha okha. Ndamata pakhomo osawerenga. Amene asankhidwa: Ba Mwale aja, mkulu wina amene anaikidwa ine ndili ku pulayimale, ndi Ba Lungu, amene anatisiya zaka zinayi zapitazo.

Akazi awo a Ba Lungu ndi amene amasesa m'tchalitchi Lachisanu. Aima pa pepalalo nthawi yaitali, tsache lili m'manja. Ndikulakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo. Kenako akuti: "Uyu mabenchi sanali kunyamula ali moyo. Kapena kumene aliko anamuphunzitsa." Aseka, apukuta maso ndi chitenje. Amatula pepalalo mosamala, alipinda kanayi, aliika m'Baibulo lawo. Ndapepesa. Sindikudziwa ngati andimva.

Loweruka

Ndaulula kwa abusa. Buku lakale la maliro likanatipulumutsa, koma lili kunyumba kwa mkulu amene anapita kumatenda ku Chipata, makiyi ali m'thumba mwake. Abusa ayang'ana pansi pa tebulo. "Ife talalikira kuuka kwa akufa zaka zonsezi. Imwe mwachita pa Chinayi chabe." Za kalata ya umboni ija sanatchule. Inenso ayi.

Ukwati wayenda bwino. Mabenchi ndanyamula ndine, m'malo mwa atatu aja, msana uli waliwali. Anthu atabalalika ndaphunzira bakapu. Yosavuta, mphindi khumi. Detabesi yolakwikayo tsopano ndaisunga bwinobwino, malo awiri.

Lamulungu

Ndaima pakhomo pa tchalitchi ndi kope ndi bolopeni, wolowa aliyense ndikumuchonga kuti ali moyo. Abusa alengeza kuti amene sanabwere sitikudziwa mbali imene ali, mpaka adzaonekere okha. Mafoni agwira ntchito. Pofika nyimbo yachitatu kwatulukira anthu amene sitinawaone chidyereni Khirisimasi, ena ali wefuwefu, wina malaya atavala motembenuza. Bambo wina wandichongetsa kawiri, akuti kuti zitsimikizike.

Tchalitchi chadzaza mpaka m'mawindo. Abusa nkhope yawala. Ati ndiziima pano sabata iliyonse mpaka buku lija litapezeka, ndipo foni ya ku Chipata sakufulumira kuimba.

Mkati akuimba. Ine panja, dzuwa pamutu, ndikudikira amoyo ochedwa.