Ndekhandekha ku Kilwa

Lolemba

Tchuthi chayamba! Mwezi wathunthu. Lamlungu ndikunyamuka, ndipo ndikupita ndekha. Ndekha! Moyo wanga wonse ndayenda m'chigulu: kumaliro, kuzinkhoswe, kukwaya. Ulendo uno ndi wanga. Ku Tanzania, kukaona mabwinja a miyala ku Kilwa, kenako kukalowa m'nkhalango yowirira ya Udzungwa.

M'chikwama chakumsana chomwe ndagula pa kaunjika muli tenti, nsapato zokwerera mapiri, jekete la mvula, tochi ndi kabuku ka Chiswahili. Ndachibereka n'kuzungulira nyumba katatu. Chopepuka bwanji!

Amayi aimba foni kuchokera ku Zomba: "Usachoke ngati mbava, utsanzike anthu."

Lachiwiri

Ndayamba kutsanzika. Khomo loyamba ndi la Anyagondwe, eni nyumba yomwe ndikuchita lendi kuno ku Chibanja, mu Mzuzu. "Mukukaoda vichi?" Ndati sindikukaoda kanthu, ndikukaona makoma akale. Andiyang'ana mpaka ndachita manyazi. "Makoma ghakugwa? Ku Zolozolo aliko chomene, mvula yagwetsa."

Alowa m'nyumba n'kutuluka ndi thumba la ufa wa kondoole, loti ndikasiyire mwana wawo ku Dar es Salaam. "Kachoko waka," akutero. Kang'ono pati! Tenti yatuluka m'chikwama. Palibe kanthu, ndizikagona m'nyumba za alendo.

Lachitatu

Nkhani yafika kutchalitchi kwathu ku Chiputula mwini wakene ndisanafike. Anzanga a kukwaya andiimbira, andipempherera, mpaka misozi yalengeza. Titangoti ameni, timatumba tayamba kutuluka pansi pa mabenchi. Kodi aliyense mu Mzuzu muno ali ndi m'bale ku Dar?

Nyemba. Usipa wouma. Mtedza. Botolo la uchi lotsekedwa ndi pulasitiki. Manambala a foni olembedwa pa zidutswa za katoni.

Nsapato zokwerera mapiri zatuluka. Chikwama chikununkha usipa, ndipo amphaka awiri andiperekeza mpaka pakhomo.

Lachinayi

M'mawa ndaima pagalasi kuyeserera kukana: "Pepani, malo atha." Zikumveka bwino kwambiri.

Masana abwera Abambo Mhango, mkulu wa mpingo, atavala tayi. Avula chipewa, afunsa za amayi ku Zomba, andifunira ulendo wabwino. Kenako amasula pa njinga mutu wa makina osokera, ati mlamu wawo ku Dar amadziwa kukonza. Mutu wa makina! Wachitsulo!

Pepani uja wathawa pakamwa. Ndalandira ndi manja awiri, nditagwada. Ndipo amene wathokoza kuti yewo ndine.

Lachisanu

Ndayesa kubereka chikwama. Ndagwa chagada, miyendo m'mwamba ngati kamba. Anyagondwe andipeza choncho, aseka mpaka akhala pansi. Inenso ndaseka, nanga n'kutani?

Akhuthula zonse n'kulongedza mwaluso m'matumba atatu amizeremizere oodera katundu. Jekete ndi tochi zasowa malo. Ataona kabuku kanga ayamba kulakatula Chiswahili ngati wailesi. Kani anakhala zaka zambiri akuoda zitenje ku Dar! Ine sabata zonsezi ndikulimbana ndi kupereka moni.

Loweruka

Zagwa. Anyagondwe atulutsa pasipoti m'kati mwa Baibulo. "Katundu wa wanthu uyu mungataye pa boda, mwana wane. Nikuperekezgani."

Ndalowa kuchipinda, ndakhala pabedi, mtima ukuwawa zenizeni. Chinthu chimodzi chokha chomwe ndinafuna!

Agogoda, alowa, atseka chitseko. Akulankhula monong'ona. Akuti maulendo onse aja ankangoona depoti ndi msika, msika ndi depoti. Nyanja yamchere ankaionera patali, sanapondemo. "Niwonetsani makoma ghala pa foni." Ayang'anitsitsa chithunzi nthawi yaitali, chala chikutsata zipilala. Afunsa ngati kuli zokwera zambiri, kenako maso awo agwera pa nsapato zanga pakona.

Zawakwana ndendende.

Lamlungu

Tili m'basi pa depoti. Pansi pali matumba atatu, pa miyendo yanga pali mutu wa makina. M'chikwama chakumsana muli mbatata yophika ndi fulasiki ya tiyi ya Anyagondwe. Kwaya yonse ili panja, ikuimba ndi kugwedeza mipango. Wina akuyesabe kulowetsa kathumba pawindo.

Mpando wa pawindo, womwe ndinasankha ndekha, akhalapo Anyagondwe, chitenje chatsopano pamwamba, nsapato zamapiri pansi. Ine ndili ndi masilipasi. Pa pepala lomwe ndinalembapo ndondomeko ya ulendo ndafufuta mawu akuti "ndekha".

Kondakitala wawafunsa kuti akukaoda chiyani ulendo uno. Amuyang'ana ngati mwana wosaphunzira, n'kuyankha mokweza kuti basi yonse imve: "Palije! Tikuya kukawona makoma ghakugwa."